Fakitale Ilibe Makutu

Fakitale yodinda ma CD imalandira zinthu ziwiri kuchokera kwa woimba kapena kampani yake: master ya nyimbo, ndi mafayilo a chikuto pamodzi ndi zolemba za pamwamba pa chimbalecho. Ikalandira siifunsa ngati ng'oma zamveka bwino, kapena ngati dzina la woimba lalembedwa molondola. Ntchito yake ndi kuchulukitsa, ndipo chabwino ndi choipa imazichulukitsa mofanana. Woumba njerwa amadziwa kuti chikombole chikapindika, uvuni wonse utuluka ndi njerwa zopindika, ndipo woyatsa moto sangaimbidwe mlandu. Ambiri akamafotokoza mbiri ya ntchito yokonza master ndi chikuto amangoti makina ankatsikatsika mtengo mpaka aliyense anayamba kudzipangira yekha kunyumba. Izi n'zoona, koma zimabisa kusintha kumene kunali kokulirapo. Kwa zaka pafupifupi 100, munthu womaliza kumvetsera ndi kuyang'ana chimbale chisanadindidwe anali wa kampani, wophunzitsidwa ndi kulipidwa chifukwa cha ntchito imeneyo yokha. Pang'onopang'ono munthu ameneyo anachoka pamalo ake, ndipo udindo wake unagwera pa tebulo la woimba ndi mnyamata wodziwa kompyuta, nthawi zambiri popanda wowauza kuti asenza katundu wotero. Malamulo a fakitale amene lero amaoneka ngati kuvutitsa anthu ndi zotsalira za ntchito imene munthu uja ankagwira mwakachetechete.

Pachiyambi kujambula nyimbo ndi kupanga master inali ntchito imodzi. Emile Berliner anabweretsa galamafoni ya mbale yafulati mu 1887, ndipo pofika cha m'ma 1900 Eldridge Johnson anali atakonza njira yojambulira pa phula. Oimba ankaunjikana kutsogolo kwa lipenga lalikulu, mawu awo n'kumagwedeza singano imene inkakanda kanjira pa phula lozungulira. Wina akaphonya, onse ankayambiranso pa phula lina. Phula limene lawakomera sankaliimbitsa n'komwe, poti singano ikanaliwononga. Ankalikuta ndi chitsulo pogwiritsa ntchito magetsi, n'kusendapo chitsulo choyamba chimene amisiri ankachitcha bambo. Pa bamboyo ankaumbapo mayi, ndipo pa mayiyo ankaumbapo zidindo zodindira mbale zogulitsa. Chidindo chikatha ankabwerera kwa mayi, mayi akatha ankabwerera kwa bambo, kotero kuti chiyambi chenichenicho sichinkagwidwagwidwa. Mayina amenewa akadalipo m'mafakitale a ma CD, ndipo nzeru yake sinasinthe. Maikolofoni atalowa m'masitudiyo mu 1925 mawu anayamba kumveka bwino, koma master inkabadwabe pa nthawi yomwe oimba akuimba, m'manja mwa wantchito wa kampani.

Tepi ndiyo inagawa ntchitoyi pawiri. Kuyambira cha mu 1948, pamene makina a Ampex analowa m'masitudiyo a ku America, nyimbo inkayamba kukhala pa tepi, ndipo panafunika munthu wina woisamutsira pa mbale. Chaka chomwecho Columbia inatulutsa mbale yaikulu ya LP, yotenga mphindi zopitirira 20 mbali imodzi, ndipo mu 1949 RCA Victor inatulutsa kambale kozungulira ka 45 pa mphindi. Wosamutsayo poyamba ankaonedwa ngati wantchito wamba, ndipo anyamata ongoyamba kumene ndiwo ankaikidwa pa makinawo. Koma mbale ili ndi malire amene tepi ilibe. Besi ikachuluka kanjira kamatambasuka n'kudya malo, ndipo singano imatha kudumpha. Mawu osongoka akachuluka amawotcha mutu wa makina odulira. Kufupi ndi pakati pa mbale kanjira kamayenda pang'onopang'ono pansi pa singano ndipo mawu amazimiririka, n'chifukwa chake nyimbo zofatsa zinkaikidwa kumapeto kwa mbali iliyonse. Mu 1954 bungwe la RIAA linakhazikitsa muyezo umodzi wochepetsera besi podula ndi kuibwezera poimbitsa, koma zotsalazo zinali za khutu la munthu. Apa m'pamene wosamutsa anasanduka mmisiri. Mu 1967 Doug Sax anatsegula The Mastering Lab ku Hollywood, imodzi mwa nyumba zoyamba zogwira ntchitoyi popanda kukhala pansi pa kampani ya nyimbo, ndipo oimba anayamba kusankha okha wowadulira. Ngakhale akatswiri ankapunthwa: mu 1969 Bob Ludwig anadula chimbale chachiwiri cha Led Zeppelin mwamphamvu kwambiri moti pa magalamafoni otchipa singano inkadumpha, kampani n'kulamula kuti chidulidwenso mofatsa. Zimbale zoyambazo, zokhala ndi zilembo RL pafupi ndi chibowo, lero osonkhanitsa amazigula pa mtengo wokwera.

CD itabwera, anthu ena anzeru ndithu ananena kuti mmisiri ameneyu watha ntchito. Mfundo yawo inali yomveka. Philips ndi Sony zitagwirizana mu 1980 pa malamulo otchedwa Red Book, nyimbo inasanduka manambala: mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi, muyezo uliwonse wa ma bit 16, pa chimbale cha masentimita 12 chotenga mphindi 74. Palibe singano yodumpha, palibe kanjira kodya malo, ndipo nyimbo yomaliza imamveka chimodzimodzi ndi yoyamba. Nambala ikakopedwa bwino imakhala nambala yomweyo. Nanga munthu wa pakati uja ngwachiyani? Yankho linachokera ku zimbale zoyamba zenizenizo. Fakitale ya PolyGram ku Langenhagen, pafupi ndi Hanover, inayamba kudinda mu August 1982, ndipo chimodzi mwa zimbale zoyamba chinali The Visitors cha ABBA. Mu October Sony inayamba kugulitsa makina a CDP-101 ku Japan. Makampani anathamangira kutulutsanso nyimbo zawo zakale, ndipo pothamangapo ambiri anangotola tepi imene inali pafupi. Nthawi zambiri inali tepi yokoperedwa kangapo, kapena yokonzedwa kale kuti igwirizane ndi zofooka za LP, besi yochepetsedwa, mawu osongoka okwezedwa. Mbale yakale inkabisa zimenezi, pamene CD inazionetsa poyera, ndipo anthu n'kumati mawu a CD ndi ouma ndi olasa m'makutu. Makinawo anali atakopera mokhulupirika chinthu cholakwika. Zimbale zambirimbiri za zaka za m'ma 1990 zolembedwa kuti zakonzedwanso zinali kulipira ngongole ya changu chimenecho.

Kukonza master ya CD m'zaka zoyambazo kunali kodula ndiponso kwa mwambo wokhwima. Panalibe kompyuta yosunga manambala ochuluka chotero mosavuta, choncho ankawalemba pa tepi ya vidiyo ya U-matic kudzera m'makina a Sony otchedwa PCM-1610, kenako PCM-1630, amene ankasandutsa mawu kukhala timadontho takuda ndi toyera pa chithunzi cha wailesi yakanema. Nambala yachilendo ija inachokera komweku: miyezo 3 pa mzere uliwonse wa chithunzi, mizere 245, maulendo 60 pa sekondi, zimapereka 44,100, ndipo pa kanema wa ku Ulaya mizere 294 maulendo 50 imaperekanso nambala yomweyo. Pambali pa nyimbo pankafunika chikalata cha PQ, chouza makina pamene nyimbo iliyonse ikuyambira ndi kuthera. Sekondi imagawidwa m'tizigawo 75, ndipo chizindikiro chikachedwa ndi tizigawo tochepa chabe, womvera akadumphira pa nyimbo yachisanu amapeza mawu oyamba atadulidwa mutu. Chimbale sichipitirira nyimbo 99, nyimbo siichepera masekondi 4, ndipo yoyamba imatsogozedwa ndi masekondi 2 a zii. M'chikalata momwemo mumalowa nambala ya ISRC ya zilembo ndi manambala 12, imene imazindikiritsa nyimbo pogawa ndalama za oimba. Munalinso kachizindikiro kouza makina ngati mawu osongoka anakwezedwa dala pojambula. Kakaiwalika, chimbale chonse chinkalira mokwiyitsa. Tepi isanapite ku fakitale inkapimidwa ndi makina owerenga zolakwika, ndipo pepala la zotsatira linkapita nayo limodzi. Zonsezi si za luso la kuimba, koma chimodzi chikalakwika nyimbo yabwino inkafika kwa wogula itapunduka.

Kukhwima kumeneku kumamveka munthu akaona zimene zimachitika m'kati mwa fakitale. Galasi losalala kwambiri limapakidwa mankhwala omva kuwala, ndipo laser imalemba pamenepo timaenje totsatana mozungulira kuchokera pakati kupita kunja, ulendo wopitirira makilomita 5. Kaenje kalikonse m'lifupi mwake ndi pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, moti kafumbi kamodzi kamakwirira timaenje tambiri. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'chipindamo amavala zophimba thupi lonse. Pa galasilo amaumbapo chitsulo cha nickel, bambo, mayi ndi chidindo monga kale, kenako pulasitiki yosungunuka imapoperedwa pa chidindocho, chimbale chimodzi m'masekondi ochepa. Pamwamba pamabwera aluminiyamu wopyapyala, vanishi, kenako inki. Ndalama zambiri zimathera pa galasi ndi chidindo, osati pa zimbale, ndiye chifukwa chake mafakitale sadinda zimbale zochepa, ndiponso cholakwa chopezeka mochedwa chimatanthauza kulipira zonse kachiwiri. Vanishi wopyapyalayo ndi yekhayo woteteza nyimbo ku mbali ya zolemba. Zimbale zina zodindidwa ku Blackburn, ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 zinayamba kusanduka zofiirira n'kusiya kuimba, chifukwa vanishi wake sanathe kutchinga mankhwala ochokera m'mapepala a kabuku ka m'kati. Chikuto ndi nyimbo zimagona m'kabokosi kamodzi, ndipo china chikhoza kudwalitsa chinzake.

Mbiri ya chikuto inayenda njira yofanana, ngakhale inayamba mochedwa. Mbale zakale zinkagulitsidwa m'mapepala osakongoletsa, ndipo zingapo zikamangidwa pamodzi zinkaoneka ngati buku la zithunzi lokhala ndi dzina chabe. Alex Steinweiss, mnyamata wojambula wa ku Columbia, ndiye anakakamiza mabwana ake cha mu 1940 kuti aike chithunzi pachikuto, ndipo malonda atakwera makampani ena anatsatira. LP inapatsa ojambula bwalo la masentimita 31 mbali zonse, pamene anthu monga Reid Miles wa ku Blue Note anapangirapo dzina. Kabokosi ka CD, kamene Peter Doodson wa ku Philips anakonza, kanachepetsa bwalolo kufika pa masentimita 12, malo osakwana gawo limodzi mwa magawo 6 a poyamba. Ogulitsa a ku America anakana kusintha mashelefu awo, ndipo mpaka 1993 ma CD kumeneko ankagulitsidwa m'makatoni aatali amene wogula ankangotaya atafika kunyumba. Chofunika apa ndi amene ankagwira ntchito pakati pa wojambula ndi makina osindikizira. Wojambula ankapereka bolodi lomatapo zithunzi ndi malangizo olemba pamanja. Wina ankayala zilembo, wina ankagawa chithunzi m'mafilimu anayi a inki zinayi, wina ankalumikiza mafilimuwo, ndipo pomaliza pankatuluka pepala loyesera loti mwini ntchito asaine. Aliyense wa anthuwa ankagwira zolakwa za mnzake.

Kompyuta inawachotsa onsewo m'zaka zosakwana 15. PageMaker inabwera mu 1985, QuarkXPress mu 1987, Photoshop mu 1990, PDF mu 1993, ndipo munthu mmodzi anayamba kuchita zimene kale zinkadutsa m'manja asanu. Palibe chifukwa cholirira mafilimu. Ankadya ndalama ndi nthawi. Koma inki ndi pepala sizinasinthe khalidwe. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK, ndipo buluu wowala amene amasangalatsa pa kompyuta amatuluka wozilala pa pepala. Chithunzi chotengedwa pa intaneti chimaoneka chakuthwa pa foni, koma chikapanda kufika madontho 300 pa inchi chimatuluka chachimbuuzi. Mpeni wodulira mapepala sugwera malo amodzimodzi nthawi zonse, choncho chithunzi chiyenera kusefukira mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira, ndipo zolemba zikhale m'kati ndithu. Masamba a kabuku komanga ndi waya amabwera anayianayi. Msana wa kabokosi ndi pafupifupi mamilimita 6 okha, ndipo dzina likasuntha pang'ono limagwera pakhota. Pamwamba pa chimbale penipeni ndi pasiliva, kotero popanda inki yoyera ya pansi nkhope ya woimba imatuluka yotuwa. Mtundu wa zilembo ukapanda kutsekeredwa mu fayilo, kompyuta ya ku fakitale imaikapo wina, ndipo kwa olemba Chichewa kapena Chitumbuka chilembo choyamba kusowa ndi ŵ, chimene mitundu yambiri ya zilembo ilibe. Kale zonsezi ankazidziwa ndi anthu a kosindikizira. Lero zalembedwa pa pepala la malangizo limene wotumiza ntchito amayenera kuwerenga yekha, ndipo akasaina chithunzi choyesera mlandu wonse umakhala wake.

Wina anganene kuti kudandaula kotere n'kwa anthu okhuta, ndipo mfundo imeneyi ndiyo yolemera koposa. CD yolembeka, imene malamulo ake anakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo makina ake anatchipa m'zaka za m'ma 1990, inatsegula khomo kwa oimba amene sakanakwanitsa galasi ndi chidindo. Ku Malawi, kumene nyimbo za m'zaka zimenezo zinkayenda pa makaseti, kuchokera m'masitudiyo monga ya Paul Banda ku Balaka kupita m'manja mwa ogulitsa monga O.G. Issa ku Blantyre, kubena ma CD kunalola kwaya ya mpingo kupanga zimbale 50 zogulitsa pa tsiku lokhazikitsa chimbale popanda kupempha chilolezo kwa bwana aliyense. Chimenecho n'chabwino, ndipo palibe wanzeru angafune kubwerera m'mbuyo. Komabe chimbale chobena ndi chodinda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chodinda chili ndi timaenje teniteni m'pulasitiki. Chobena chili ndi utoto umene laser yaudetsa, ndipo dzuwa ndi kutentha zimaufufuta. Chodinda chimanyamula, kuyambira 1994, manambala a SID pafupi ndi chibowo osonyeza fakitale imene chinachokera. Chobena chenicheni ndi chakuba zimafanana, n'chifukwa chake bungwe la COSOMA linadalira zomata zonyezimira pofuna kuzisiyanitsa. Choopsa kwambiri n'chakuti khomo lotsegukalo linalibe mlonda. Master inayamba kukhala CD yobena mothamanga, yogwidwa ndi zala, nthawi zina yochokera ku MP3 imene inataya kale mbali ya mawu. Mafakitale anayankha pokonda DDP, njira imene kampani ya Doug Carson inakonza, yoika nyimbo, PQ ndi ISRC m'mafayilo amodzi okhala ndi nambala yotsimikizira kuti palibe chasintha panjira. DDP imatsimikiza kuti chimene chatumizidwa ndicho chafika. Siinena ngati chinali choyenera kutumizidwa.

Palinso mlandu wina, wolozedwa kwa amisiri eni akewo: ngati makutu awo ndi ofunika chotero, bwanji ndi iwo amene anawononga nyimbo pa mpikisano wa phokoso? Umboni ulipo. CD ili ndi denga limene mawu sangapitirire, ndipo kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 zida zopanikizira mawu zinalola kukankhira nyimbo yonse kudengako, mofatsa ndi mokweza n'kukhala chimodzimodzi. Californication cha Red Hot Chili Peppers mu 1999 chimatchulidwa kawirikawiri, ndipo mu 2008 okonda Metallica anapeza kuti nyimbo za Death Magnetic zinkamveka bwino m'masewero a Guitar Hero kuposa pa CD imene anagula. Koma nkhaniyi ikuchitira umboni mfundo yathu yomweyi. Pa LP singano inkaletsa. Wodula akapyola malire, mbale inkabwezedwa ku sitolo, monga zinachitikira mu 1969. Pa CD choletsa chinachoka, ndipo mmisiri anali atasanduka waganyu wa woimba ndi kampani, amene ankafuna kuti nyimbo yawo isamveke yofooka pambali pa ya mnzawo. Ted Jensen, amene dzina lake lili pa Death Magnetic, ananena kuti nyimbozo zinamufika zitapanikizidwa kale. Amisiri ena anakana, ambiri anamvera wolipira, ndipo sitingawayeretse onse. Koma mphamvu yonena kuti ayi inali itachoka kale m'manja mwawo.

Kuti CD ikutha n'zosakanika, ndipo wina angafunse ngati zonsezi zili ndi phindu lero. Makampani otumiza nyimbo ku Spotify ndi Apple Music amafunabe fayilo yosachepera muyezo wa Red Book uja wa 1980, nambala ya ISRC, ndi chithunzi chofanana mbali zonse cha madontho okwanira, ndipo makompyuta awo amabweza ntchito yosakwana popanda kukambirana. Spotify ndi Apple Music amatsitsa nyimbo zaphokoso kuti zifanane ndi zinzake, moti wopanikiza uja amatsala ndi mawu ophwanyika popanda phindu limene ankalifuna. Kwa amene akufuna kutulutsanso nyimbo zakale, funso loyamba ndi lomwe linavuta makampani CD itangobwera: tepi kapena fayilo yoyambirira ili kuti? Moto wa mu June 2008 ku Universal Studios, ku California, unapsereza nkhokwe ya matepi oyambirira a oimba ambiri, ndipo kukula kwa chitayikocho kunadziwika poyera mu 2019. Mbale zakuda za LP nazo zabwerera. Mu 2022 ku America zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chiyambire 1987. Woimba amene lero akufuna chimbale chake pa LP amauzidwa ndi wodula kuti master ya CD yopanikizidwa ija siidulika bwino, ndipo chithunzi cha masentimita 12 sichingakulitsidwe kufika pa 31 osachita chimbuuzi. Amafunsidwa mafayilo a ku situdiyo asanapanikizidwe ndi zithunzi zoyambirira, zinthu zimene kale kampani inkasunga m'nkhokwe yake, ndipo masiku ano nthawi zambiri zimakhala pa kompyuta ya amene anajambula, ngati kompyutayo ikadalipo.